Makobidi akale: giredi, feki, komanso nthawi yoyenera kutumiza ku NGC kapena PCGS

NaMwale_LL:
Akuluakulu, mwaswera bwanji. Mafunso okhudza makobidi a Kamuzu a 1964 ndi aja a Federation obooka pakati akubwerabwera pagulu pano, ndipo mayankho akumwazikana. Tiyeni tiwaike pamodzi. Munthu akagwira khobidi lakale, ayambire pati kuti adziwe ngati ndi lenileni, giredi yake ndi yotani, komanso ngati kulitumiza kunja ku makampani oyesa makobidi, monga NGC kapena PCGS, kuti akalipatse giredi n'kulitsekera m'kapulasitiki kuli ndi phindu? Odziwa, tiuzeni ndi manambala, osati zongomva.

Mphunzitsi_Jere:
Zikomo mayi Mwale. Choyamba tisiyanitse ntchito ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Kutsimikizira n'kuyankha funso limodzi: kodi khobidili linatulukadi kufakitale ya boma chaka chimene chalembedwapo, ndipo palibe amene analiseweretsa? Giredi imabwera pambuyo pake, ndiyo kuyeza mmene khobidi lenilenilo lasungikira. Feki ilibe giredi, olo iwale chotani.

Muyezo umene makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito ndi wa 1 mpaka 70. Anauyambitsa William Sheldon mu 1949 poyeza masenti akale amkuwa a ku America, kenako unafalikira ku makobidi onse. Manambala sagwiritsidwa onse ayi. Pansi penipeni pali PO-1, pamene mukungozindikira mtundu ndi chaka. Kenako FR-2, AG-3, G-4 ndi G-6, VG-8 ndi 10, F-12 ndi 15. VF ili ndi masitepe anayi: 20, 25, 30, 35. XF ndi 40 ndi 45. AU, kutanthauza loyenda pang'ono chabe, ndi 50, 53, 55, 58. Kuchokera 60 mpaka 70 ndi MS, kutanthauza khobidi limene silinayendepo m'manja mwa anthu ngakhale pang'ono.

PCGS inayamba mu 1986, NGC mu 1987. ANACS ndi yakale kuposa onsewa, ya 1972, koma pa makobidi a mayiko a kunja kwa America ogula ambiri amayang'ana awiri oyambawo.

Nkhwazi55:
Ndiwonjezere pa MS paja, chifukwa ndi pamene anthu amagwa. MS sikutanthauza kuti khobidi ndi lokongola. MS-60 likhoza kukhala ndi zipsera thoo chifukwa chogundana ndi anzake m'thumba lochokera kufakitale, koma silinaperepeseke. AU-58 nthawi zambiri limaoneka bwino kuposa MS-61, kungoti pamalo okwera pali kaperepesedwe kochepa kwambiri. Malire a 58 ndi 60 si kukongola, ndi kuperepeseka.

Ndiye mumakuona bwanji? Zimitsani magetsi ena onse m'chipinda, musiye babu limodzi la patebulo. Akatswiri ambiri amakonda babu lakale lija la waya mkati, la mawati 75 kapena 100. Kuwala kwa machubu aatali a muofesi kumabisa timizere. Gwirani khobidi m'mbali ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, pansi pakhale kansalu kofewa kuti likapulumuka lisapweteke. Kenako lipendeketseni pang'onopang'ono mukulizunguza. Khobidi losayenda limaonetsa kuwala kumene kumazungulira ngati masipoko a njinga. Kuwala kumeneku kumachokera ku timizere tosaoneka ndi maso timene chitsulo chinasiya pamene chinkafalikira nthawi imene chidindo chinachimenya. Pamene pakhudzidwa ndi zala kapena thumba la buluku, timizereto timafafanizika, ndipo kuwalako kukafika pamenepo kumaduka, malowo amaoneka otuwa.

Pa makobidi athu a 1964, yambani ndi tsaya la Kamuzu ndi tsitsi la pamwamba pa khutu. Mukatembenuza, pa sikisipensi onani nthenga za tambala, pa shilingi njere za chimanga, pa florin khutu ndi phewa la njovu. Pa two shillings ya Federation onani chifuwa cha nkhwazi.

Maso kaye, galasi pambuyo. Galasi lokulitsa ka 5 kapena ka 7 ndi lokwanira pa giredi. La ka 10 kupita m'mwamba ndi lofufuzira feki. Mukayeza giredi ndi la ka 20, khobidi lililonse lidzaoneka ngati msewu wa dothi nthawi ya dzinja.

Chisale_Joni:
Achimwene Nkhwazi, pali msampha wina pamenepo. Malo okwera akhoza kukhala afulati osati chifukwa choperepeseka, koma chifukwa chidindo sichinamenye mokwanira kapena chinali chotopa. Kusiyana kwake: pamene sipanadindike bwino pamakhalabe kuwala kwa fakitale, mtundu wake ndi umodzimodzi ndi malo ozungulira. Pamene paperepeseka mtundu umasintha. Khobidi losadindika bwino likhoza kupeza MS, kungoti silikwera kwambiri.

NaMwale_LL:
Nanga zilembo zina zija zimene zimalembedwa pambali pa nambala? RD, BN, PF ndi zina.

Mphunzitsi_Jere:
Pa makobidi amkuwa, monga mapeni obooka a Rhodesia and Nyasaland a 1955 mpaka 1963, aja a njovu ziwiri, ndi hafupeni ya akadyamsonga, amalembanso mtundu. RD ndi lofiirabe ngati latsopano, RB ndi losakanikirana, BN ndi loderako ngati chokoleti. Peni imodzimodzi pa MS-64 RD ndi MS-64 BN mitengo yake imatalikirana, ndipo kuno kwathu kupeza RD yeniyeni ndi mwayi waukulu chifukwa mkuwa ndi chinyezi sizimvana.

PF kapena PR ndi proof. Imeneyi si giredi yapamwamba, ndi kapangidwe kena: chidindo ndi chitsulo zimapukutidwa mwapadera, ndipo amamenya kangapo. Proof imene yayenda m'manja imatsika n'kukhala PF-55 kapena PF-45, koma imakhalabe proof. Makobidi a Malawi a 1964 analinso ndi maseti a proof. Mutu ndi zilembo zikaoneka zoyera ngati chisanu pomwe kumbuyo kukuwala ngati kalilole, amalemba Cameo, ndipo zikanyanya PCGS imalemba Deep Cameo, NGC Ultra Cameo. N'chinthu chimodzi, mayina awiri.

Gogo_Tambala:
Ana anga, mwathamangira ku 64 ndi 65 pomwe makobidi ambiri amene ali m'mabokosi a agogo sadzapeza n'komwe nambala. Tinene za chimene chimawapha: kutsuka.

Munthu akapeza hafu korona yakuda, maganizo oyamba ndi phulusa ndi ndimu, ngati akukwecha poto. Ena polishi ya zitsulo, ena mankhwala otsukira mano, ena kuviika mu viniga kapena zakumwa zagasi usiku wonse. M'mawa khobidi lili mbee, mwini wake akusangalala. Koma chimene wachotsa si litsiro lokha, wachotsa khungu la chitsulo pamene pamakhala kuwala kwa fakitale, ndipo khungu limenelo silimeranso. Pansi pa babu mumaona timizere tambirimbiri tolowera mbali imodzi, ndipo m'makona a zilembo mumatsala kuda pamene nsalu sinafike. Woyesa giredi amaona zimenezi m'masekondi ochepa, asanatenge n'komwe galasi.

Khobidi lotere amalitsekera ndithu m'kapulasitiki, koma popanda nambala. NGC imalemba mwachitsanzo AU Details, Cleaned. PCGS imalemba Genuine ndi kodi ya vutolo: 92 ndi lotsukidwa, 91 mtundu wokayikitsa, 94 nkhope yosinthidwa, 95 lokalika, 97 lowonongeka ndi nyengo kapena dothi, 98 lowonongeka mwanjira ina, 84 lobooledwa kenako n'kutsekedwa. Mwalipira ndalama zonse za giredi kuti akulembereni mlandu wanu pa lebulo kuti wogula aliyense awerenge.

Sikelo_BT:
Agogo anena zoona, koma tisanene kuti khobidi lisakhudzidwe ndi chilichonse. Pali zinthu ziwiri zimene sizidya chitsulo: madzi oyeretsedwa aja a distilled, ndi acetone weniweni. Ndikunena acetone wa m'sitolo ya mankhwala kapena ya zomangira, osati wochotsera utoto wa m'zikhadabo, amene ali ndi mafuta ndi zonunkhiritsa zimene zimatsala pa khobidi.

Ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa utomoni wobiriwira wa PVC. Timatumba tofewa tapulasitiki ndi ma alubamu otchipa amatulutsa mankhwala amene amamata pa khobidi, poyamba ngati nthunzi, kenako zobiriwira zonanda, ndipo mukazisiya zimadya chitsulo n'kusiya timaenje. PCGS silitsekera n'komwe khobidi lokhala ndi PVC, imalibweza ndi kodi 99.

Kachitidwe kake: kapu yagalasi, osati yapulasitiki chifukwa acetone amaisungunula. Thirani wokwanira kumiza khobidi, vindikirani ndi mbale yagalasi, dikirani mphindi 10 mpaka 15. Litulutseni mutaligwira m'mbali, muliviike mu acetone watsopano m'kapu yachiwiri, kenako muliimike liume lokha. Osapukuta. Osagwiritsa thonje kapena tishu. Chitirani panja kapena pawindo lotsegula, kutali ndi mbaula, kandulo ndi ndudu, chifukwa amayaka msanga. Pa mkuwa wofiira musachitire padzuwa ndipo musausiyemo nthawi yaitali. Ngati khobidi ndi la mtengo weniweni, musayese n'komwe, makampani onse awiri ali ndi nthambi yokonza makobidi asanawapatse giredi. Ya NGC imatchedwa NCS.

Koma dziwani kuti acetone amangochotsa zomata pamwamba. Kuda kwa siliva wakale sikuchoka, ndipo sikuyenera kuchoka.

Nkhwazi55:
Tibwerere ku funso loyamba la mayi Mwale, la feki. aSikelo, dzina lanulo likuyenera kugwira ntchito.

Sikelo_BT:
Zida zitatu ndi zotchipa: sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 g, kalipa yoyezera m'lifupi, ndi maginito amphamvu a neodymium. Dziwani kaye manambala oyenera a khobidilo. Krugerrand, khobidi lagolide la ku South Africa, ya aunsi imodzi ndi 33.93 g, m'lifupi 32.77 mm, golide wa makarati 22. Sovereign yagolide ya Britain ndi 7.98 g, 22.05 mm. Dola ya Morgan ya ku America ndi 26.73 g, 38.1 mm, siliva 90 pa 100. Hafu korona ya Britain ndi 14.14 g, florin 11.31 g, shilingi 5.66 g, sikisipensi 2.83 g. Khobidi loyenda limapepukako pang'ono, koma Morgan yooneka yatsopano ikalemera 24 g musavutikenso ndi zina.

Kulemera kokha sikukwana, chifukwa wopanga feki akhoza kunenepetsa khobidi kuti lifike pa nambalayo. N'chifukwa chake timayeza m'madzi. Lembani kulemera kwa khobidi louma. Ikani kapu ya madzi pa sikelo, dinani tare kuti iwerenge 0.00. Mangani khobidi ndi ulusi wopyapyala, lilowetseni m'madzi lonse, lisakhudze pansi kapena m'mbali, ndipo pasakhale thovu lomata. Lembani nambala imene sikelo yaonetsa. Gawani kulemera kouma ndi nambala imeneyo. Morgan yeniyeni imaonetsa pafupifupi 2.58 m'madzi, ndipo 26.73 kugawa ndi 2.58 ndi 10.3 ndi kanthu, ndiwo siliva wa 90 pa 100. Kusakaniza kwa mkuwa ndi nikelo kumapereka pafupifupi 8.9, mtovu 11.3. Krugerrand imaonetsa pafupifupi 1.93, kutanthauza 17.5 kapena 17.6.

Vuto lake lili pa makobidi ang'onoang'ono. Sikisipensi yasiliva imangoonetsa 0.27. Sikelo ikalakwitsa ndi 0.01 basi, yankho limadumpha kuchoka 10.1 kufika 10.9. Pamenepo njirayi ndi yongoyerekeza. Ndipo khobidi la mtengo lokhala ndi kuwala kwa fakitale musalimange ulusi n'kuliviika m'madzi a pampopi, yeserani pa makobidi oyenda.

Maginito: siliva, golide ndi mkuwa sizimata. Likamata, muli chitsulo wamba kapena nikelo. Pendeketsani khobidi lalikulu lasiliva n'kusiya maginito atsetsereke pamwamba pake, amatsika mozengereza ngati pali uchi. Koma mkuwa umachitanso chimodzimodzi, ndiye feki yamkuwa yokutidwa ndi siliva imapambana mayeso amenewa. Ndipo pa khobidi labwino ikani kapulasitiki pakati, maginito amakala.

Chisale_Joni:
Pa golide pali vuto la tungsten, chitsulo chimene opanga feki amachikuta ndi golide. Pa kuyeza kwa m'madzi kuja imapereka 19.25, golide weniweni 19.3, ndiye sikelo ndi madzi sizikuthandizani mokwanira. Makina a XRF oyezera mtundu wa chitsulo, amene ogula golide amakhala nawo, amangowerenga khungu lapamwamba, osati mkati, ndiye kukuta kochindikala kumawapusitsa. Chimene chimagwira tungsten ndi makina oyeza mmene magetsi amadutsira m'chitsulo, kapena oyeza liwiro la phokoso: m'golide phokoso limayenda pafupifupi mamita 3,240 pa sekondi, mu tungsten kupitirira 5,000. Kulira kwa khobidi kumasiyananso, koma musaligwetse pa simenti kuti mumve. Liikeni pansonga ya chala, muligogode pang'ono m'mbali ndi pensulo.

Kanthu kena pa Krugerrand: ya wamba ili ndi timano 160 m'mphepete, ya proof 220. Wina akakugulitsani yopukutidwa n'kunena kuti ndi proof, jambulani mphepete ndi foni n'kuwerenga.

NaMwale_LL:
Nanga makobidi athuwa, a 1964, muli siliva? Mphekesera zili ponseponse.

Mphunzitsi_Jere:
Mulibe. Sikisipensi, shilingi, florin ndi hafu korona za 1964 zimene anthu ankagulira zinthu ndi zosakaniza mkuwa, nikelo ndi zinki. Za Federation zoyera zimene zinkayenda mulibenso siliva. Siliva mumupeza m'makobidi a Southern Rhodesia a zaka za m'ma 1930 mpaka 1946, amene ankayendanso ku Nyasaland, ndi a Britain: mpaka 1919 anali 92.5 pa 100, kuchokera 1920 mpaka 1946 theka, kuyambira 1947 mulibe. Chaka chokhacho chimakuuzani zambiri musanatulutse sikelo.

Nkhwazi55:
Feki zoopsa si za chitsulo cholakwika. Zoopsa ndi za siliva weniweni kapena golide weniweni, zolemera ndendende, chifukwa phindu la wakubayo lili pa chaka chosowa, osati pa chitsulo. Apa ndi pamene galasi la ka 10 limalowa.

Zoumbidwa m'chikombole ndi zosavuta. M'mphepete mumapeza msoko pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana, kapena zizindikiro za tupa pamene anaufafaniza. Pankhope pamakhala timatuza ndi timaenje ta mpweya, zilembo zimakhala zonenepa ndi zobulungika, ndipo khobidi limachepako pang'ono m'lifupi chifukwa chitsulo chikamazizira chimakhwinyata.

Zovuta ndi zodindidwa ndi chidindo chokopera pa khobidi lenileni. Koma kukoperako kumatenga ndi zipsera zomwe. Khobidi loyamba likakhala ndi kachipsera patsaya, feki iliyonse imatuluka ndi kachipsera komweko pamalo omwewo. Makobidi awiri enieni sangagundike mofanana ndendende. Komanso chipsera chenicheni mkati mwake mumawala ngati chitsulo chongodulidwa, pomwe chokopera mkati mwake mumafanana ndi nkhope yonse. Makampaniwa amasunga zithunzi za zipsera zobwerezabwerezazi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene mumalipira.

Mtundu wachitatu ndi khobidi lenileni loseweretsedwa. Ku America chitsanzo chodziwika ndi senti ya 1909-S VDB, imene anapanga 484,000 zokha, ndi dime ya 1916-D, 264,000. Munthu amatenga lawamba la chaka chomwecho n'kumatapo kachilembo S kapena D, kosonyeza fakitale imene linadindidwira. Pansi pa galasi mumaona kamzere kozungulira tsinde la chilembo, kapena mtundu wosiyana chifukwa cha kutentha. Chilembo chenicheni chimatuluka m'chitsulo momwemo ngati chulu, palibe malire. Akatswiri amadziwanso malo enieni amene chilembocho chinakhala pa chidindo chilichonse chenicheni, cha 1909-S VDB alipo anayi okha. Chikakhala pena, nkhani yatha.

Senti yamkuwa ya 1943 ndi phunziro labwino la maginito. Chaka chimenecho masenti anali achitsulo, 2.7 g, ndipo amkuwa, 3.11 g, anatuluka ochepa kwambiri mwangozi. Feki zambiri ndi zachitsulo zokutidwa mkuwa, zimamata maginito nthawi yomweyo. Zina ndi 1948 imene 8 wake anamusema kukhala 3.

Chisale_Joni:
Kuno ku Joni zofanana nazo ndi makobidi a ZAR, dziko lakale la Mabunu ku Transvaal, a nthawi ya Paul Kruger. Veldpond ya 1902, paundi yagolide imene inapangidwa ku Pilgrim's Rest nkhondo ili mkati, inatuluka 986 yokha, ndipo popeza yeniyeni yomwe inapangidwa ndi zida za m'tchire, feki yake imabisala mosavuta. Imeneyo popanda chitsimikizo cha kampani yodziwika musayandikire. Ma pond a 1892, mapaundi agolide okhala ndi chithunzi cha ngolo, ali mitundu iwiri: ngolo ya mitengo iwiri yokokera, imene inali kulakwitsa, ndi ya mtengo umodzi imene anakonza pambuyo pake. Mtengo wake ndi wosiyana, ndiye yang'anitsitsani ngati kutsogolo kwa ngoloyo sikunapalidwe.

Vuto lina la golide wakale ndi loti ambiri anakhalapo pa tcheni kapena mphete. Yang'anani mphepete pamwamba pa mutu, pa 12 koloko: timano tosalala, tosemedwanso, kapena kadontho ka mtundu wina. NGC imalemba Mount Removed kapena Removed From Jewelry, nambala palibe.

Gogo_Tambala:
Tsono poti mwatchula Joni, nenani za R5 ya Mandela ya 2008. Achinyamata athu ambiri kumeneko anamva kuti ndi chuma.

Chisale_Joni:
Agogo, inapangidwa yoposa 20 miliyoni. Ya m'thumba ndi R5 basi. Zimene zinkagulidwa mokwera ndi zochepa zimene zinapeza MS-67 kapena kupitirira pamene zinali zisanachuluke. Apa ndi pamene muyenera kudziwa kuwerenga kaundula wa kampani: NGC imautcha Census, PCGS Population Report, ndipo amaonetsa kuti makobidi angati a mtundu umenewo apeza giredi iliyonse. Giredi yapamwamba ikakhala ndi makobidi 5, mtengo umakwera. Anthu akaona zimenezo amatumiza matumba athunthu, 5 uja amasanduka 500, mtengo n'kugwa. Khobidi latsopano lopangidwa mamiliyoni kusowa kwake ndi kwa kanthawi. Kaundulayo amanamanso mbali ina: anthu amaswa kapulasitiki n'kutumizanso khobidi lomwelo kufuna giredi yokwera, ndiye khobidi limodzi limawerengedwa kawiri kapena katatu.

Sikelo_BT:
Zimenezo zikusonyeza chimene ine ndimatsutsana nacho aJere. Giredi ndi maganizo a anthu, si muyezo ngati wa sikelo. Khobidi lomwelo lero 63, miyezi itatu 64. Ndiye tikulipira chiyani?

Mphunzitsi_Jere:
Sindikukana, aSikelo. Kusiyana kwa sitepe imodzi kumachitika, ndipo n'chifukwa chake mu 2007 kunabadwa CAC, kampani yoyang'ananso makobidi a ku America otsekeredwa kale n'kumata kastika kobiriwira pa amene akuyeneradi giredi yawo. Koma kusiyana kwa 63 ndi 64 si kofanana ndi kusiyana kwa wogulitsa amene akuti khobidi lake ndi latsopano ndi wogula amene akuti ndi lotha. Kumeneko khobidi likafika amalichotsa dzina la mwini wake n'kulipatsa nambala, limaonedwa ndi oyesa oposa mmodzi, wamkulu n'kutsimikiza, ndipo ku NGC oyesawo saloledwa kuchita malonda a makobidi. Chachikulu ndi chitsimikizo: likadzapezeka kuti ndi feki lili m'kapulasitiki kawo kenikeni, kampani imalipira malinga ndi malamulo ake. Wogula wa ku London amene sanakuonenipo akugula chitsimikizo chimenecho.

Sikelo_BT:
Pa kutsimikizira ndavomera. Pa nambala ndikadali pomwepo. Makobidi awiri a MS-63 akhoza kukhala limodzi lokongola, lina lodera ndi madontho. Yang'anani khobidi, lebulo pambuyo.

Nkhwazi55:
Ndipo kapulasitiki nakonso kali ndi feki zake. Nambala ya pa lebulo ilembeni pa webusaiti ya kampaniyo, koma musalekere poti nambalayo ilipo, chifukwa akuba amakopera nambala yeniyeni. Yerekezani chithunzi chimene chatuluka ndi khobidi lili m'manja mwanu, chipsera ndi chipsera, dontho ndi dontho. Onani msoko wa kapulasitiki: kenikeni kamamatidwa ndi makina a phokoso, kopanda guluu. Mukaona guluu, ming'alu kapena mbali zosakumana bwino, mwina kanatsegulidwa n'kusinthidwa khobidi. Ma slab, ndiwo timapulasitiki timeneti, atsopano a PCGS, kuyambira 2020, ali ndi kachipu ka NFC kamene foni imawerenga mukaiyandikiza. Ndipo pali timakampani tambiri tosadziwika timene timalemba MS-70 pa chilichonse, slab yotero muiwerengere ngati khobidi lopanda giredi.

NaMwale_LL:
Ndiye tifike pa ndalama. Munthu ali ku Lilongwe kapena ku Chipata, atumize liti?

Mphunzitsi_Jere:
Werengani motere. Giredi yotchipa kwambiri imayambira pafupifupi madola 20 pa khobidi, ndipo imakwera malinga ndi mtengo wa khobidilo. Onjezani umembala wa pachaka kapena gawo la dila wovomerezeka amene akutumizireni, ndalama ya fomu, kutumiza ndi kubweza pa kampani yonyamula katundu, inshuwalansi, ndi msonkho pobwerera. NGC likulu lake lili ku Sarasota, Florida, ndipo ili ndi maofesi ku London ndi Munich. PCGS ili ku California, ndi ofesi ku Paris. Kwa ife njira yachidule nthawi zambiri ndi kudzera mwa dila wa ku South Africa kapena m'bale wa ku Britain, makobidi angapo pamodzi kuti mtengo wotumizira ugawike.

Kenako fufuzani mitengo imene khobidi lomwelo linagulidwadi pa okushoni, osati imene anthu akuitanira pa eBay kapena Facebook. Tengani giredi imene mukuganiza, chotsani masitepe awiri, muone mtengo wa pamenepo. Ngati pamenepo simukubweza zimene mwawononga, lisiyeni kunyumba. Shilingi ya 1964 yoyenda, peni yobooka yakuda, 20 tambala ya 1971: izi zinapangidwa zambiri, mtengo wa giredi ukuposa wa khobidi kangapo. Zoyenera kuganizira ndi golide wakale, siliva wa Southern Rhodesia wokhala ndi kuwala kwake konse, proof zosakhudzidwa, peni ya Federation yofiirabe, ndi khobidi lililonse limene feki zake n'zochuluka. Musanatumize golide kapena zinthu zakale kunja kwa dziko, funsani ku Reserve Bank of Malawi ndi ku MRA za zilolezo, katundu asakagwidwe pa bwalo la ndege.

Gogo_Tambala:
Ndipo amene akhale kunyumbawo asungidwe bwino. Osati m'chitini chimodzi onse akugundana, osati m'nsalu, osati ndi labala, chifukwa labala ndi mapepala wamba zili ndi salufa amene amadetsa siliva. Lililonse m'kathumba kake ka pulasitiki ya Mylar yopanda PVC kapena kapisozi kolimba. Mukagwiritsa makatoni aja a mainchesi 2 mbali zonse, finyani masitepulo ndi pulayazi, chifukwa sitepulo yotukuka imakala khobidi loyandikana nalo. Kumadera a chinyezi monga Nkhata Bay ndi Mulanje ikani timapaketi ta silica gel m'bokosi lotseka bwino, ndipo muzitiumitsa kapena kutisintha dzinja likamayamba. Osayankhula mutaweramira khobidi lamkuwa: kadontho ka malovu lero, chaka chamawa ndi dontho lakuda losachoka.

Chisale_Joni:
Popakira potumiza: khobidi lililonse m'kathumba kolimba kopanda PVC ka mainchesi 2.5, kopanda sitepulo kapena selotepi. Kastika ka nambala ya fomu ndi nambala ya mzere kamatidwe kunja kwa kathumba, ndipo muwasanje motsatira mmene mwawalembera pa fomu. Amangeni pakati pa makatoni awiri, bokosi laling'ono mulilowetse m'lalikulu, mukaligwedeza lisamveke kanthu. Jambulani mbali zonse ziwiri za khobidi lililonse musanatseke. Kunja kwa bokosi musalembe mawu oti makobidi, golide kapena siliva.

NaMwale_LL:
Nanga maseti a proof amene akadali m'bokosi lake loyambirira, atulutsidwe?

Nkhwazi55:
Onani kaye kansalu ndi siponji ya m'bokosimo. Ngati yayamba kufumbutuka kapena makobidi ayamba kuchita nthunzi m'mbali, atulutseni mutavala magolovesi a nitrile opanda ufa, muwaike m'makapisozi, bokosilo mulisunge padera chifukwa ogula amalifunabe. Nkhope ya proof musaikhudze ndi chilichonse, ngakhale nsalu yopukutira magalasi a m'maso imasiya timizere timene timatsitsa PF-66 kufika 62. Fumbi lichotseni ndi kampira kopopera mpweya kamene amatsukira makamera, osati kuuzira ndi pakamwa.